Mukufuna masitazi ya mbiri ya zachuma? Yambirani pa doko

Chaka chino anthu atatu andifunsa chinthu chimodzi, aphunzitsi awiri a sekondale ndi mnyamata wina wogwira ntchito pa Boma: munthu wa kuno ku Mangochi atani kuti akachite digiri yachiwiri ya mbiri ya zachuma? Onse atatu anayamba ndi nkhani ya sikolashipi, ndipo onse ndinawabweza kaye. Sikolashipi ili ndi nthawi yake. Choyamba ndi funso limene mukufuna kuyankha, ndipo funsolo simukalipeza ku London. Lili pa doko, pa msika wa nsomba, pakhonde pa agogo amene anakakumba golide ku Joni.

Phunziro limeneli limafufuza mmene anthu akale ankapezera chuma, mmene ankagawirana, ndi mmene chinkawapulumukira: ndani ankagwira ntchito, ankalandira zingati, katundu ankadzera njira iti, msonkho unkagwa pamutu pa yani. Limayenda ndi miyendo iwiri. Wina ndi wowerenga mapepala akale ndi kumvetsera anthu, wina ndi wa masamu. Amene anachita mbiri pa digiri yoyamba amatsimphina mwendo wa masamu, amene anachita ekonomikisi amatsimphina winawo. Dziwani msanga mwendo wanu wofooka, chifukwa tibwererakonso.

Tsiku lina Loweruka kaimeni pa nsanja ya wotchi ija yokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Pomwepo pali mfuti ya sitima yankhondo ya Guendolen, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Dzifunseni chifukwa chake azungu anamanga Fort Johnston kuno mu 1891 osati kwina. Apa ndi pakhosi, pamene Shire amatulukira m'nyanja. Mafumu achiyao monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi anali atagwira njira za minyanga ndi akapolo zopita kugombe la nyanja yamchere, ndipo amene wagwira pakhosipa wagwira malonda onse. Kenako sitima za Mandala zinkadutsa pomwepa. Koma madzi a m'nyanja anatsika mpaka Shire anasiya kutuluka bwino kwa zaka pafupifupi makumi awiri, kuyambira cha m'ma 1915, ndipo mu 1935 njanji inafika ku Chipoka ndi ku Salima, katundu n'kuyamba kudzera kumeneko. Nanga amalonda, onyamula katundu ndi odula nkhuni za sitima a pa Fort Johnston anatani? Limenelo ndi funso kale, ndipo mwalipeza musanakwere minibasi.

Mafunso otere kuno ndi osatha. Pali nsomba: Agiriki a banja la Yiannakis amene anayamba usodzi wa makoka akuluakulu kummwera kwa nyanja m'ma 1930, mikangano yawo ndi asodzi akumudzi, kubwera kwa kampani ya usodzi ya Maldeco, kutha kwa chambo mu Malombe chakumapeto kwa m'ma 1980, ndi makomiti a m'madoko amene anayamba mu 1993. Pali ulendo wa ku Joni: Wenela, bungwe limene linkalemba anthu opita ku migodi, ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70 mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi, TEBA imene inalowa m'malo mwa Wenela n'kusiya kulemba anthu a kuno mu 1988, kenako anyamata opita paokha monga tikuonera lero. Pali fodya wa m'maesiteti a ku Namwera, malonda a pa Chiponde, ndi malo a m'mbali mwa nyanja amene anasanduka mahotela ndi makoteji.

Sankhani chimodzi, ndipo muchichepetse mpaka chikupwetekeni mtima. “Mbiri ya usodzi m'Malawi” si mutu wa masitazi, ndi ntchito ya moyo wonse. Koma mukati, “Kodi ndalama za ku migodi zinasintha bwanji umwini wa makoka ndi maboti pa madoko atatu a Malombe pakati pa 1960 ndi 1990?” mwatchula malo, mwatchula zaka, mwatchulanso chinthu chowerengeka. Funso labwino limalolanso kuti yankho likudabwitseni. Ngati yankho mukulidziwa kale, mukungofuna umboni woti mupambanire mkangano wa pa bawo, lisiyeni.

Mukalipeza funso, kaliyeseni ngati lili ndi umboni. Apa ndi pamene ambiri amadumpha, n'kukalira ali kale m'chaka chachiwiri. Tengani masiku atatu kapena anayi, mudzere pa Liwonde, mupite ku National Archives ku Zomba. Nyamulani chitupa chanu, kalata yonena chimene mukufufuza, ndi mapensulo. Musanayambe funsani za malipiro ndi malamulo ojambula mapepala pa foni, chifukwa zimenezi zimasintha. M'mabuku a mndandanda wa mafayilo musafune dzina la Mangochi lokha, simupeza zambiri. Funani Fort Johnston, komanso South Nyasa, dzina limene boma lino linkadziwika nalo kale. Dziwaninso kuti mu 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba, choncho mapepala a zaka zoyambirira ndi ochepa. Ambiri a nthawi imeneyo ali ku National Archives ya Britain ku Kew, ku London, m'gulu la makalata a Nyasaland lotchedwa CO 525. Ngati ndalama yopitira kumeneko simukuiona, yambitsani nkhani yanu cha m'ma 1920.

Itanitsani malipoti apachaka a DC, ma District Book mmene ma DC ankalemba za mafumu, misonkho ndi mbewu, mafayilo a za nsomba ndi za anthu opita kunja kukagwira ntchito, ndi ma Blue Book mmene muli ziwerengero za chaka ndi chaka za malipiro, mitengo ya zinthu ndi katundu wotuluka m'dziko. Wa nsomba afunenso lipoti la kafukufuku wa panyanja wa 1939 ndi la Rosemary Lowe, amene anafufuza chambo pakati pa 1945 ndi 1947.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse. Fayilo iliyonse ikafika patebulo, jambulani chikuto chake choyamba, pamene pali nambala, musanatsegule. Ulendo wanga woyamba ndinatengeka ndi zimene ndinkawerenga, ndinajambula masamba ambirimbiri osajambula zikuto. Nditabwerera kuno ndinali ndi kalata yokoma kwambiri yonena za mtengo wa nsomba zouma, koma osadziwa inachokera m'fayilo iti. Umboni wopanda nambala sulowa mu thesisi. Ndinabwereranso ku Zomba ndi ndalama imene ndinasungira zina. Madzulo aliwonse samutsirani zithunzi pa kompyuta, muziike m'mafoda a manambala a mafayilo, ndipo kope lina likhale pa intaneti.

Powerenga muzikumbukira amene analemba. DC ankaona zimene wokhometsa msonkho amaona. Mwamuna wokhoma msonkho wa nyumba amapezeka m'buku, koma mayi wowamba nsomba, woyanika usipa pa thandala, wosinthanitsa utaka ndi ufa kumtunda, simumupeza, chonsecho chuma chambiri cha pa doko chinkadutsa m'manja mwake. Pepala likakhala chete pa munthu, sizitanthauza kuti munthuyo kunalibe.

Malo ena oti muyendeko ndi National Statistical Office konko ku Zomba, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, ofesi ya kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay, koleji ya za nsomba ku Mpwepwe, ndi nyumba yosungira zakale ya Lake Malawi Museum pa Boma pompano. Mishoni zakale za Anglican monga Malindi ndi Mpondasi nazo muzifunse. Musanyoze timaofesi tating'ono. Pa ofesi ina anandilowetsa m'kachipinda kakumbuyo, ndinapeza mabuku a ziphaso za makoka ataunjikidwa pansi, apansi atadyedwa ndi chiswe mpaka kusanduka dothi. Amene anatsala ndinawajambula tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikaganiza za enawo.

Tsopano anthu. Apa ndiye mwayi wanu waukulu, inu wa kuno, woposa wa aliyense wochokera kunja ndi sikolashipi yonona. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo limenelo likuuma chaka ndi chaka. Amene anakwera ndege ya Wenela ali anyamata lero ali ndi zaka za m'ma 70 ndi 80. Musadikire digiri kuti mukayambe kucheza nawo. Kufunsa kwenikweni kolowa mu thesisi kumadikira chilolezo, koma kudziwana nawo ndi kulemba mayina awo m'kope mungayambe mawa.

Lowerani kwa amfumu, musalowere pazenera. Pa doko muonanenso ndi wapampando wa komiti. Ngati Chiyao simuchilankhula bwino, pezani womasulira amene akuluakulu amamulemekeza, ndipo pofunsa amayi ndi bwino womasulirayo akhale mayi. Lachisanu masana musapangane ndi munthu, ndi nthawi ya ku mzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadan muzicheza m'mawa anthu asanafooke. Alovi, anyamata ogwira ntchito pa khoka, amene agona panyanja ndi chilimira musawavutitse akangokocheza. Adikireni agulitse, adye, apume.

Musafunse kuti “chinali chaka chanji?” Munthu amangotchula chaka choti akusangalatseni. Funsani kuti zinachitika njala ya 1949 isanagwe kapena itapita, ndalama zili masheleni kapena kwacha itabwera, Wenela asanatseke kapena atatseka, riferendamu ya 1993 isanachitike kapena itachitika. Musafunsenso kuti “moyo unali bwanji?” Funsani zogwirika: khoka loyamba munagula kwa yani, ndalama munaitenga kuti, alovi anali angati, pogawana mwini khoka ankatenga zingati, nsomba ankagula ndani, ankapita nazo kuti, pa njinga kapena pa lole. Ndipo nthawi zonse funsani ngati pali kapepala kalikonse kamene anasunga. Bambo wina wachikulire wa m'mbali mwa Malombe, titacheza kawiri konse, ulendo wachitatu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini ka dzimbiri. M'katimo munali chitupa chake cha ku mgodi chokulungidwa m'pulasitiki, ndi kapepala ka ndalama zimene ankamusungira kuti adzalandire atabwerera kumudzi. Analoza ndi chala nambala imodzi n'kunena kuti, “Iyi ndiyo inagula khoka.” Anatenga chitupacho m'manja mwanga yekha, n'kuchikulunganso bwinobwino. Zotere muzijambula mwini atalola, ndipo musachoke nazo.

Kope lanu likayamba kudzaza, mwendo wa masamu uja ufunika. Phunzirani Excel mpaka muzitha kupanga matebulo ndi magirafu osafunsa munthu. Pambuyo pake pulogalamu yowerengera ziwerengero ya R, imene ndi yaulere, kapena Stata ngati sukulu yanu ili nayo. Dziwani ndalama zakale: makobiri 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 ankapanga paundi, tiki inali makobiri atatu, sikisi makobiri asanu ndi limodzi. Kwacha itabwera mu 1971, paundi imodzi inasanduka K2, ndiye kuti sheleni inali 10 tambala. Polemba mu kompyuta sandutsani zonse zikhale makobiri, apo ayi muphatikiza zosaphatikizika.

Chachikulu ndi ichi: nambala ya ndalama payokha sinena kanthu. Agogo akati chambo chinali tiki, musafulumire kunena kuti kale zinthu zinali zotchipa. Funsani kuti munthu ankagwira ntchito nthawi yaitali bwanji kuti apeze tikiyo. Tiyerekeze kuti waganyu ankalandira sikisi patsiku; ndiye kuti chambo chimodzi chinali theka la tsiku lake. Chitani chimodzimodzi ndi mtengo wa lero ndi ganyu wa lero, pamenepo ndiye mwayerekeza zofanana. Mungathenso kuyeza malipiro ndi ndowa za chimanga zimene akanagula. Samalani ndi miyeso: ndowa, dengu, dazeni ndi mulu sizifanana doko ndi doko, kapena chaka ndi chaka. Pa zaka zaposachedwa muli ndi kalembera wa anthu wa 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, komanso kafukufuku wa m'makomo wa Integrated Household Survey amene anayamba mu 1997.

Nthawi yomweyo muziwerenga zimene ena analemba kale, kuti musakafukule chitsime pamene pali mjigo. John McCracken analemba mbiri ya Malawi ya 1859 mpaka 1966 ndiponso za usodzi m'nthawi ya atsamunda. Wiseman Chijere Chirwa anafufuza za ulendo wa ku migodi ndi usodzi, ndipo wa ku Mangochi sangamulambalale. Elias Mandala analemba za alimi a ku Lower Shire, Megan Vaughan za njala ya 1949. Awiriwa muwawerenge kuti muone mmene amalukira mawu a anthu ndi mapepala a boma. Bungwe la African Economic History Network lili ndi buku lophunzirira ndi mapepala a kafukufuku aulere pa intaneti. Pa chilichonse chimene mwawerenga lembani mizere itatu: akunena chiyani, umboni wake ndi uti, wasiya chiyani. Mzere wachitatuwo ndi umene udzakupatseni malo anu.

Pofika apa ndiye mungayambe kuyang'ana sukulu, ndipo muziyang'ana munthu woti adzakuyang'anireni kuposa dzina la yunivesite. University of Malawi ku Zomba ili ndi masitazi a mbiri komanso a ekonomikisi, ndipo ma Archives ali m'tauni yomweyo. University of Zimbabwe yakhala ikuphunzitsa mbiri ya zachuma kwa zaka zambiri. Ku South Africa kuli Stellenbosch, kumene gulu la LEAP limatsamira kwambiri pa manambala, ndi University of the Free State ku Bloemfontein kumene International Studies Group yaphunzitsa ambiri a m'chigawo chino cha Africa. Ku Ulaya, London School of Economics ndi Lund ku Sweden zili ndi madipatimenti a mbiri ya zachuma paokha, ndipo ku Lund kuli anthu amene anafufuzapo za ulimi wa ku Malawi. Maganizo anga ndi akuti ngati muli pa ntchito ndipo muli ndi banja, masitazi ya ku Zomba si yonyozeka m'pang'ono pomwe. Umboni wanu uli pafupi, ndipo kunja mungadzapite pa PhD muli ndi kanthu m'manja. Koma ngati chimene mukusowa ndi masamu, chaka chimodzi kunja chingakuwongoleni msanga.

Mukapeza mphunzitsi amene ntchito yake ikuyandikana ndi yanu, werengani nkhani yake imodzi mpaka kumapeto, kenako mulembereni imelo yaifupi: ndinu ndani, funso lanu ndi liti, mwaona mafayilo ati ku Zomba, mwacheza ndi anthu angati, ndipo mukufuna chiyani kwa iye. Kalata yotchula nambala za mafayilo imasiyana kutali ndi ija yongoti ndimakonda mbiri kuyambira ndili mwana. Akakhala chete milungu iwiri, kumbutsani kamodzi, kenako yesani wina.

Pulopozo ikhale ya masamba awiri kapena atatu ngati sukulu sinanene zina: funso, chifukwa chake lili lofunika, zimene ena ananena, umboni umene mudzagwiritse ntchito ndi kumene uli, ndi mmene mudzagawire miyezi. Perekani kwa anthu awiri awerenge, mmodzi wodziwa phunziroli, wina wosalidziwa. Wachiwiriyo akalephera kukuuzani funso lanu m'mawu ake, lembaninso.

Mapepala ena amadya nthawi kuposa mmene mungaganizire. Transcript ya digiri yoyamba itanitsani msanga. Aphunzitsi awiri oti akulembereni makalata a umboni apatseni mwezi wathunthu, ndipo muwatumizire pulopozo yanu kuti asalembe zongopeka. Pasipoti ikhale yamoyo. Sukulu zambiri za ku Ulaya zimafuna mayeso a Chingerezi a IELTS, za ku South Africa zimafuna kuti bungwe la SAQA liunike digiri yanu, ndipo zonsezi n'zolipira.

Ndalama tsopano. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Canon Collins imathandiza ofuna kukaphunzira ku South Africa. Palinso Commonwealth, ndi Chevening imene imalipira masitazi ya chaka chimodzi ku Britain koma imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri. Malamulo ndi masiku otsekera muwerenge pa mawebusaiti awo eni ake chaka chimene mukufunsiracho. Ku Ulaya sukulu imayamba cha mu Seputembala ndipo mafomu a masikolashipi ena amatsekedwa pafupifupi chaka chathunthu sukulu isanayambe. Ku South Africa imayamba cha mu Febuluwale. Aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti mumupatse ndalama akupezereni sikolashipi ndi wakuba. Ndipo ngakhale fizi italipiridwa, werengerani padera ndalama ya kafukufuku: thiransipoti ya ku Makanjira kapena ku Nankumba, malo ogona ku Zomba, womasulira, mabandulo. Njira ya ku Makanjira muikonzere nyengo yachilimwe.

Akakutengani, musanayatse chojambulira mawu pamaso pa munthu aliyense, pezani chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku. Ophunzira a ku University of Malawi amadzera ku UNIMAREC. Ochokera ku sukulu zakunja amadzera ku National Commission for Science and Technology ku Lilongwe. Ndi kalata imeneyo pitani kwa DC, kenako kwa a T/A, kenako kwa amfumu a mudzi. Munthu aliyense mumufotokozere m'chilankhulo chake chimene mukuchita, mumuuze kuti angathe kukana, ndipo mumufunse ngati akufuna dzina lake lenileni lilembedwe. Nkhani za ngongole, za makoka oletsedwa ndi za kuwoloka malire popanda mapepala zingamuike munthu m'mavuto. Pa zotere bisani dzina ngakhale mwini atanena kuti palibe kanthu. Musalonjeze chithandizo chimene simungabweretse, chifukwa pa madoko ambiri anthu anatopa ndi obwera ndi mafomu n'kusowa.

Yambani kulemba musanamalize kufufuza, ngakhale tsamba limodzi patsiku, ndipo chaputala choyamba kulemba chikhale chimene muli nacho umboni wambiri, osati mawu oyamba. Thesisi ikadutsa, kope limodzi lipite ku National Archives. Kenako lembani masamba awiri m'Chichewa kapena m'Chiyao onena zimene mwapeza, musindikize zithunzi za zitupa ndi mapepala amene munajambula, mubwerere nazo pa doko lija, mupemphe amfumu aitanitse anthu, ndipo muwawerengere mokweza. Nyamulani kope ndi pensulo, chifukwa pamenepo padzaimirira wina n'kukuuzani kuti khoka lija silinagulidwe chaka chimenecho.